Kwa achemwali amene bambo awo akumva kuwawa akamameza

Achemwali, ndawerenga zimene mwalemba. Bambo anu a zaka 58 akhala akumva kuwawa pomeza kwa milungu 5, nsima aisiya chifukwa akuti mbamu ikuima pachifuwa, pano akungodalira phala, ndipo amoxicillin amene munawagulira kugolosale sanaphule kanthu. Mwafunsa ngati pali mankhwala ena amphamvu kuposa amenewo. Mayankho a anzathu ndawaonanso, ena akuti mandimu ndi uchi, ena adyo, wina wati ndi ma tonsils chabe. Onsewo akufuna kuthandiza. Koma ine ndikupempheni kuti musagulenso mankhwala aliwonse, atengereni bambo kuchipatala sabata yomwe ino. Ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ndipo uthenga wanuwu wandiimitsa mutu.

Munthu akabwera ndi dandaulo ili, timayamba ndi kumuuza kuti aloze pamene pakuwawa. Wina amagwira pakhosi, pansi pa chibwano. Wina amakunga chibakera n'kuchiika pakati pa chifuwa, pafupa paja, n'kunena kuti "chikuima apa." Anthu awiriwa matenda awo ndi osiyana.

Wogwira pakhosi uja nthawi zambiri vuto lake ndi laling'ono. Amakhala ndi chimfine kapena zilonda zapakhosi zobwera ndi mavairasi, ndipo zimatha zokha pasanathe sabata. Panado, madzi ambiri, kuchukucha pakhosi ndi madzi ofunda amchere, basi. Uchi umafewetsadi pakhosi, koma osapatsa mwana wosakwana chaka. Amoxicillin sapha vairasi, n'chifukwa chake ambiri timangotaya ndalama. Pamene amagwira ntchito ndi pa ma tonsils a bakiteriya, aja otupa okhala ndi mafinya oyera, thupi lili moto, mwanabele atatupa m'khosi koma munthu osatsokomola. Amenewo dokotala amalemba penicillin kapena amoxicillin wa masiku 10, ndipo amafunika kumaliza. Amayi amene muli m'gulu muno, ichi musachiphonye: mwana wa zaka 5 mpaka 15 akadwala zilonda zamtunduwu osalandira mankhwala oyenera, pakapita milungu ingapo nthendayo imatha kukagwira mfundo za mafupa ndi mtima, n'kuwononga zotsekera za mumtima moyo wake wonse.

Ziliponso zina zosadikira kuti kuche. Munthu akamalephera kumeza ngakhale malovu mpaka dovu kumangotuluka, akamabanika popuma, akamalephera kuyasamula, mawu atasintha ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa, ameneyo ndi wothamanga naye usiku womwewo. Chimodzimodzi munga wa nsomba umene wakana kutsika. Chizolowezi chathu chija chomezetsa mbamu yaikulu kuti iukankhe chimatha kuulowetsa mkati kwambiri n'kuboola mmero. Mwana akameza batire laling'ono lozungulira la wotchi, musadikirenso kuti lituluka ndi chimbudzi, limawotcha mmero pa maola ochepa chabe.

Koma bambo anu, monga mwafotokozera, akuloza pachifuwa. Kumeneko ndi kummero, njira imene chakudya chimadutsa kuchoka pakhosi kukafika m'mimba.

Choyamba chimene amayang'ana ndi mafangasi. Uzani bambo ayasamule pa dzuwa, muone lilime, nkhama ndi kumwamba kwa kamwa. Mukaona zoyera ngati mkaka wogona, zimene mukazipala pansi pake pamatsala pofiira, n'kutheka kuti zatsikira mpaka kummero. Zimakonda munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika: amene ali ndi HIV koma sanayambe ma ARV kapena anasiya, wa shuga wosasamalika, womwa mankhwala a steroid nthawi yaitali. Choncho kuchipatala adzapempha kuyeza magazi. Ndikudziwa kuti kuuza bambo ako za kuyezetsa HIV n'kolemera pakamwa, ndipo akuluakulu ena amakwiya nazo. Asiyeni achipatala aiyambe okha nkhaniyo. Ndinene mosabisa, likakhala vuto ndi limeneli ine ndimapumira m'mwamba, chifukwa fluconazole wa masiku 14 amachiza, ndipo ambiri pakangotha masiku ochepa amayambanso kudya nsima.

Chachiwiri ndi mapiritsi amene. Doxycycline, brufen ndi mapiritsi owonjezera magazi, munthu akawameza ndi malovu okha kapena kadontho ka madzi kenako n'kugona, amakakamira kummero n'kupsereza pamenepo. Kuwawa kwake kumayamba mwadzidzidzi, kawirikawiri m'mawa wotsatira. Mapiritsi amafuna kapu yodzaza ya madzi, ndipo munthu akhale tsonga kwa mphindi 30 asanagone. Palinso chilungulira cha nthawi yaitali, pamene asidi wa m'mimba amabwerera m'mwamba n'kumanyula mmero. Chimenecho amapereka omeprazole, n'kulangiza kusagona ukangodya ndi kukweza kumutu kwa bedi.

Tsopano chimene chandichititsa kulemba zambiri chonchi. Mawu anu akuti "anayamba kukana nyama, kenako nsima, pano ndi phala lokha" ndi ndondomeko imene ndaimva kambirimbiri, ndipo ndi mmene khansa ya kummero imayendera. Chotupa chimachepetsa njira pang'onopang'ono. Zolimba zimayamba kuima, kenako zofewa, pomaliza ngakhale madzi. Sindikunena kuti bambo anu ali nayo, palibe angadziwe zimenezo pa foni. Mmero umathanso kuchepa chifukwa cha zipsera za chilungulira. Koma Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndipo munthu wa zaka zoposa 40 amene chakudya chikumuima pachifuwa, uku akuwonda, timamuyeza ngati ali nayo mpaka zotsatira zitakana.

Malume anga zinawayamba chonchi. Ndimakumbukira tsiku lina ndinawapeza pakhonde akudya, atayika kapu ya madzi pambali. Ankatema kambamu kakang'ono ngati ka mwana, kukaviika mu msuzi mpaka kusungunuka, kumeza, kenako kudzimenya pachifuwa ndi chikhatho n'kumwera madzi. Lamba anali ataboola mabowo awiri atsopano ndi msomali. Nditawafunsa anati ndi chilungulira, chitha. Kunyumba ena ankati awadyetsa, ndipo miyezi inathera kwa asing'anga. Ine amene ndinkadziwa sindinaumirire mokwanira, ndinkaopa kuoneka wamwano kwa akuluakulu. Pamene tinkafika nawo ku chipatala chachikulu n'kuti ngakhale thobwa likubwerera. Anawaika kachubu kotsegula njira kummero, anadyako phala ndi nthochi kwa miyezi ingapo, n'kutisiya. Mpaka lero zimandipweteka, ndiye inu ndikukuumirizani dala.

Zimene zimawonjezera chiopsezo cha khansa imeneyi ndi fodya, mowa makamaka kachasu, ndi utsi wa nkhuni umene timaupuma m'makhitchini opanda mawindo. Mu 2016 bungwe la WHO loona za khansa linanenanso kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikhoza kuyambitsa khansa ya kummero, ndiye tiyi ndi phala tizidikira zipoleko. Komabe ndaona anthu opemphera, osasuta, osalawa n'komwe mowa, akudwala nthendayi. Musati poti bambo samwa ndiye kuti sizingawakhudze.

Ulendo wake umayambira pa chipatala chapafupi, ndi kabuku kawo ka kuchipatala m'manja. Adzawayang'ana m'kamwa, kuwapapasa m'khosi kufuna zotupa, kuwakweza pa sikelo, kuyeza HIV, shuga ndi kuchuluka kwa magazi. Akaona zizindikiro za mafangasi akhoza kuyamba ndi fluconazole. Mankhwalawo akatha popanda kusintha, kapena m'kamwa mukakhala moyera bwino koma chakudya chikuimabe, chofunika ndi endoscopy. Ndi kachubu kofewa kokhala ndi kamera kunsonga kwake, amakalowetsa pakamwa kuti aone mmero ndi maso. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimachita zimenezi, koma pamafunika kalata yotumizira yochokera kuchipatala cha boma lanu. Pemphani kalatayo, musachite manyazi. Anthu amakaopa kachubuko, koma amapopera mankhwala ochititsa dzanzi pakhosi ndipo ntchitoyo imatenga mphindi zochepa. Munthu amapita asanadye kanthu kuyambira usiku. Akaona chokayikitsa amatapa kanyama kakang'ono kuti akakayeze, ndipo chimenecho ndicho chimapereka yankho lenileni. Kwina amayamba ndi kujambula X-ray munthu atamwa phala loyera lotchedwa barium, limene limaonetsa pamene njira yachepa.

Ikapezeka kuti ndi khansa, thandizo limadalira pamene yafika. Ikapezeka msanga pamakhala mwayi wa opaleshoni, mankhwala a khansa kapena kuwotcha ndi makina. Ikapezeka mochedwa thandizo lilipobe: kachubu kaja kotsegula njira, ndi mankhwala oletsa ululu monga morphine wamadzi, amene amaperekedwa ndi anthu osamalira odwala matenda okhalitsa, ngati a Tiyanjane ku Queen Elizabeth.

Podikira tsiku la ulendo, vuto lalikulu ndi njala ndi ludzu. Phala lamadzimadzi lokha silingasunge thupi la munthu wamkulu. Thiranimo nsinjiro, mkaka, dzira lophika lophwanya bwino kapena supuni ya mafuta ophikira. Likuni phala, mapeyala, nthochi yakupsa yokanya, msuzi wa nyemba wosefa, zonsezi zimatsika mosavuta. Adye pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, atakhala tsonga, chakudya chili chofunda chabe. Mandimu ndi tsabola zisiyeni kaye chifukwa zimanyula pabala, brufen nayenso ayi. Ngati amasuta kapena kumwa, asiye lero. Akayamba kutsamwa ndi madzi, kusanza magazi, kuchita chimbudzi chakuda bii, kapena mkodzo ukachepa kwambiri, musadikire tsiku limene munapangana.

Ndipo mupite nawo limodzi mpaka m'chipinda cha dokotala. Abambo athu akakhala pamaso pa dokotala amachepetsa nkhani, amangoti "pakhosi pakundisowetsa mtendere pang'ono," n'kutuluka ndi panado ndi amoxicillin wina. Inu munene momveka kuti ndi milungu 5, kuti chakudya chikuima pachifuwa osati pakhosi, kuti anayamba kulephera zolimba ndipo pano ndi phala lokha, kuti zovala zayamba kukhwepa, komanso kuti amoxicillin anamwa kale osasintha. Tengani ndi mapaketi a mankhwala onse amene akhala akumwa. Mukabwerako mutiuze m'gulu muno zimene apeza, ine ndikhala ndikuyang'ana.