Kodi ku St Keverne ndikagwira ntchito kwa ansembe?

Mayi wina wa ku Ntcheu wanditumizira imelo. Wapeza ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo ku Cornwall, kumwera chakumadzulo kwa England, ndipo kalata yake ikuti azikayendera midzi ya mu parishi ya St Keverne. Akufunsa kuti: "Kodi ndikagwira ntchito kwa ansembe? Nanga midzi yake ili ngati yakwathu kuno?"

Achemwali, kwa ansembe ayi. Kwathu tikamva zoti parishi timaganiza za Akatolika kapena Aangilikani, koma ku England mawuwa amatanthauzanso kadera kakang'ono ka boma. Malire ake anachokeradi ku tchalitchi, koma kuyambira mu 1894 zoyendetsa dera zili m'manja mwa khonsolo yosankhidwa ndi anthu. Nyakwawa kulibe, ndiye musavutike kufunsa kwa amfumu.

St Keverne ili pa Lizard, ndomo ya mtunda yolowa m'nyanja kumwera kwenikweni kwa Britain. Mudzi waukulu, wa dzina lomwelo, uli pamtunda, ndipo m'pamene pali tchalitchi ndi bwalo. Kugombe kuli Coverack, Porthoustock ndi Porthallow. Kwinako ndi timidzi monga Rosenithon ndi Traboe, nyumba zowerengeka, famu, ng'ombe, basi. Maina ambiri ndi a chinenero cha Cornish: Porth ndi kadooko, Tre ndi pakhomo pa mlimi. Katchulidwe kake musakatengere papepala. Porthoustock eni ake amati Proustock, ndipo mukatchula zilembo zonse adziwiratu kuti mwafika dzulo.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landiganizitsa. Kwathu mudzi ndi anthu: ana pabwalo, amayi pamjigo, wodutsa aliyense kupereka moni. Kumeneko mutha kudutsa kamudzi konse masana osaona munthu panja. Kale m'madooko munkadzaza asodzi a nsomba za pilchard, koma usodzi umenewo unatha, kwatsala timaboti tochepa. Nyumba zambiri zakugombe anagula anthu a kutali, amabwera patchuthi chokha. Mu Ogasiti pamasowa poimika galimoto, mu Januwale mawindo ali bii, mdima wagwa isanakwane 5 koloko. Agogo amene muzikawasambitsa mwina tsiku lonse alankhula ndi inu nokha. Ine ndikuona kuti kulemera kwa ntchito yanu kuli pamenepo kuposa pa kunyamula munthu.

Musaganize kuti ndi malo opanda mbiri. Kunyanja kufupi ndi Porthoustock kuli miyala yotchedwa Manacles, imene yaswa zombo zambiri. Mu Okutobala 1898 sitima ya Mohegan inagunda pamenepo, anthu 106 n'kufa, ndipo ambiri anaikidwa m'manda amodzi pa tchalitchi cha St Keverne. Nsonga ya tchalitchicho amalinyero ankaigwiritsa ntchito ngati chizindikiro. M'mudzi womwewo munachokera Michael Joseph An Gof, wosula zitsulo amene mu 1497 anatsogolera anthu a ku Cornwall wapansi mpaka kufupi ndi London pokana msonkho wa Mfumu Henry VII. Anagonja, iye n'kunyongedwa, koma chipilala chake chinaimikidwa m'mudzimo mu 1997. Mukasowa nkhani ndi agogo, afunseni za An Gof kapena za chigumula cha ku Coverack cha mu Julayi 2017, mudzachita kuwadula pakamwa.

Tsono zoyendera, pakuti apa m'pamene ambiri amapunthwa. Tauni yapafupi dzina lake ndi Helston, ndipo sitima yapamtunda ya anthu inasiya kufikako mu 1962. Mabasi alipo koma ndi apatalipatali, ndipo safika pakhomo lililonse. Kabaza kulibe. Popanda galimoto ntchito yoyendera makomo siyenda. Laisensi ya ku Malawi imaloledwa kwa miyezi 12 yokha, ndipo sasinthanitsa ndi ya kumeneko monga amachitira ndi ya ku Zimbabwe kapena South Africa, choncho lembetsani mayeso msanga. Misewu yake ndi yopapatiza, ya galimoto imodzi, m'mbali muli mipanda yooneka ngati tchire lofewa pomwe mkati mwake ndi miyala. Phunzirani kubwerera chafutambuyo, chifukwa mukakumana ndi thirakitala si iyo idzapatuke.

Musanasaine, afunseni abwanawo zinthu ziwiri: mafuta a galimoto amalipira ndani, ndipo nthawi yoyenda kuchoka ku Coverack kupita ku Porthallow amaiwerengera pa malipiro kapena ayi. Yankho lake akulembereni papepala.