Yankho kwa amene afunsa za "Some Other Time" ya Bill Evans

Achimwene, mwafunsa kuti kodi anthu amamvamo chiyani mu "Some Other Time" ya Bill Evans, woimba piyano wa jazz, ya m'chimbale cha Waltz for Debby, poti inu mwaimvera kangapo koma ikungokugonetsani tulo: yozizira, zala sizikuthamanga, palibe pomwe woimba akuonetsa luso. Zoti ndi yozizira sindikutsutsani. Koma ndikuona kuti mwayambira kumapeto. Nyimboyi sanapeke ndi Evans, ndipo munthu amene sanaimvepo ikuimbidwa ndi pakamwa n'kovuta kuti adziwe chimene Evans wasunga ndi chimene wasintha.

Inachokera m'sewero la pasiteji lotchedwa On the Town, lomwe linayamba kuonetsedwa ku Broadway, mumzinda wa New York, mu Disembala 1944, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati. Chuni anapeka ndi Leonard Bernstein, mawu analemba ndi Betty Comden ndi Adolph Green. Seweroli ndi la asilikali atatu apamadzi amene apatsidwa maola 24 okha kuti atsike m'sitima akayende mumzinda. Akumana ndi atsikana, asangalala, kenako nthawi yatha. Nyimboyi imabwera chakumapeto, pomwe anyamata awiri ndi atsikana awo akudandaulirana kuti tsiku lathamanga, sanachite ngakhale theka la zomwe ankafuna, basi adzapitiriza tsiku lina. Oonera a mu 1944 ankadziwa bwino kuti mnyamata amene akubwerera kunkhondo, tsiku linalo mwina silidzamufikira. Choncho mawu ake si olira ayi, ndi a anthu amene akudzilimbitsa mtima kuti asalire pamaso pa anzawo. Musavutike kuifufuza mu filimu ya seweroli ya 1949 ya Gene Kelly ndi Frank Sinatra, chifukwa kumeneko anaichotsa pamodzi ndi nyimbo zina zambiri za Bernstein.

Oimba jazz ankakonda kutenga nyimbo za m'masewero otere chifukwa omvera amabwera chuni chili kale m'mutu. Zili ngati nyimbo ya m'buku la kutchalitchi imene munakula nayo: wotsogolera kwaya akangokoka mzere umodzi pang'ono, mpingo wonse umamva kuti apa pachitika kanthu, pomwe mlendo amene saidziwa sangamve chilichonse. Pakadali pano mlendoyo ndinu, ndipo mankhwala ake ndi osavuta. Pezani The Tony Bennett/Bill Evans Album ya 1975, momwe Bennett akuimba mawu onse, Evans yemweyo ali yekha pa piyano. Imvereni mpaka muzitha kuing'ung'udza, kenako bwererani ku Waltz for Debby.

Mukabwerera, khutu lanu liyambire pansi pa nyimbo, osati pamwamba. Koyambirira pali ma chord (magulu a noti zolira pamodzi) awiri okha amene akungosinthana, kupita n'kubwerera, kupita n'kubwerera. Inu amene mumagwira kiyibodi yesani: C major 7, kenako G yokhala ndi sus, ija imene imamveka ngati ikufuna kutera koma osatera. Oimba ambiri a jazz akatenga nyimbo ya ku Broadway amaiwonjezera ma chord, amaithamangitsa, amaidzaza. Evans anachita zosiyana, anaiimitsa pamalo amodzi. Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Anthu a m'sewero muja akufuna kuti nthawi iime, ndipo ma chord awiriwa akukana kuchoka pomwe ali. Chigawo chapakati chikafika, nyimbo imasamukira mu kiyi ya A flat, imatseguka pang'ono, mpweya n'kusintha, kenako n'kubwereranso pa awiri aja. Mukapanda kudziwa nyimbo, kusamuka kumeneku kumakudutsani osakuzindikira.

Ma chord amenewa ali ndi mbiri yawoyawo. Mu Disembala 1958, akujambula chimbale cha Everybody Digs Bill Evans ku kampani ya Riverside, Evans anatenga chiyambi cha "Some Other Time" n'kungopitiriza nacho osalowa m'nyimbo yeniyeniyo, dzanja lamanja likupeka zatsopano pamwamba. Chomwe chinatuluka ndi "Peace Piece". Chaka chotsatira, 1959, chiyambi chomwecho chinatsegula "Flamenco Sketches" m'chimbale cha woimba lipenga Miles Davis cha Kind of Blue, Evans ali pa piyano. Mukamvera zitatuzi motsatizana mudzaona kuti kanthu kakang'ono kameneka munthuyu anakhala nako zaka akukasinkhasinkha.

Tsopano dzanja lamanja. Mukunena zoona kuti sakuthawa chuni, ndipo n'zadala. Akuimba piyano ngati munthu amene mawu akuwatchula mumtima. Pomwe woimba ndi pakamwa akanapuma, nayenso amapuma. Nthawi zina amachedwetsa noti imodzi kachigawo kochepa kwambiri, n'kuigwetsa ng'oma itadutsa kale. Ndiye mvetserani momwe noti yapamwamba ya chord iliyonse ikumvekera bwino kuposa zinzake, chonsecho zonse wazidina nthawi imodzi ndi dzanja limodzi. Aliyense amene anayesapo amadziwa kuti zimenezi n'zovuta kuposa kuthamangitsa zala, chifukwa chala chimodzi chiyenera kulemera pomwe zinazo zikupepuka. Pa nyimbo yothamanga noti yolakwika imabisala m'gulu. Pa liwiro ili ilibe kobisala.

Komanso sali yekha. Anajambula Lamlungu, pa 25 Juni 1961, ku Village Vanguard, kalabu yapansi pa nyumba ku Greenwich Village mu New York, ali ndi Scott LaFaro pa besi yaikulu ija yoimika pansi ndi Paul Motian pa ng'oma. Masiku amenewo ntchito ya besi inali kuyenda ndi bitiyo, noti imodzi pa biti iliyonse, osasokoneza. LaFaro sachita zimenezo, amayankhana ndi piyano, nthawi zina n'kukwera pamwamba pomwe simungayembekezere besi. Poti mizu ya ma chord, ndiye kuti noti zake zapansi, ili m'manja mwa LaFaro, Evans amaisiya n'kumangodina zapakati, n'chifukwa chake piyanoyo imamveka yopepuka. Motian akungosisita ndi timaburashi ta waya. Kumbuyo mumamva matambula akugundana ndi anthu akucheza, ndipo ine zimandiseketsa kuti ena mwa amene analipo tsikulo nawonso sankamvetsera.

Mudzamva ambiri akunena kuti nyimboyi ndi yachisoni chifukwa LaFaro anamwalira pa ngozi ya galimoto pa 6 Julayi chaka chomwecho, ali ndi zaka 25, ndipo atatuwa sanadzajambulenso limodzi. N'zoona, ndipo Evans anakhala miyezi osaimba pagulu. Koma pamenepa ndimasiyana nawo pang'ono. Pa 25 Juni palibe amene ankadziwa za ngoziyo. Chimene chili m'nyimbomo chinalimo kale tsikulo, ndipo kuchimangirira pa maliro ndi kuwalanda oimbawo ntchito yawo.

Chinanso, musamvere pa sipika ya foni. Besi imasoweratu, ndiye mumatsala ndi theka la nyimbo, theka lomwe lakugonetsanilo. Valani mahedifoni.

Mukachita zonsezi koma mtima n'kumafunabe zala zothamanga, palibe mlandu. Tengani West Side Story ya Oscar Peterson ya 1962, iye ali pa piyano, Ray Brown pa besi, Ed Thigpen pa ng'oma. Nyimbo zake ndi za Bernstein yemweyo, zochokeranso ku Broadway, koma mmenemo piyano ikuyaka moto. Mudzatiuze kuti mwa awiriwa wakugwirani ndi uti.