Funsani Adokotala: Kachotupa padzanja la mwana wanga

Funso: Adokotala, mwana wanga wamkazi wa zaka 7 watuluka kachotupa pamfundo ya dzanja lamanja, pamene anthu amamangapo wotchi, koma cha kumbali ya chikhatho. Sakudandaula kupweteka, amalemba komanso kusewera fulaye bwinobwino. Masiku ena kamaphwa, ena kamakula. Apongozi akuti tikamutemetse mphini, bambo ake akuti angokafinya. Ine mantha anga ali pa khansa. Nditani? Ndine mayi wa ku Ntcheu.

Yankho: Mayi, mtima ukhale m'malo. Mmene mwafotokozeramu, kachotupako kakufanana kwambiri ndi kamene kuchipatala timati ganglion cyst, ndipo kameneka si khansa. Ndi kathumba kamene kamamera kuchokera pamfundo kapena pa kachikuta kokutira mtsempha woyendetsa zala, ndipo m'kati mwake mumakhala madzi oyera, onanda ngati therere. Madziwo amachokera m'mfundo momwemo, n'chifukwa chake kamatha kukula dzanja likagwira ntchito kwambiri, n'kuphwa likapuma. Madzulo ano muzimitse nyali n'kugunditsa tochi ya pafoni pambali pa kachotupako. Kathumba ka madzi kamawala, pamene chotupa cha mnofu sichilola kuwala kudutsa.

Za mphini ndi kufinyazo ndikukaniza ndithu. Kumbali ya chikhathoko kumadutsa mtsempha wamagazi umene anamwino amagwira akafuna kumva kugunda kwa mtima, ndipo timatumba timeneti timakonda kumera moyandikana nawo. Lumo kapena singano ikaphonya pang'ono, mwana akhoza kutaya magazi ambiri, ndipo majeremusi akalowa m'mfundo ndiye kuti mwaputa matenda aakulu kuposa amene munali nawo. Kale ku Ulaya ankakamenya ndi buku lolemera kuti kaphulike, koma madokotala anasiya kulangiza zimenezo chifukwa zimavulaza mafupa.

Mwa ana aang'ono, timatumba tambiri totere timatha tokha pakapita miyezi ingapo, mwina chaka n'kupitirira. Ine ndikaona mwana amene sakumva ululu, sindithamangira mpeni. Kupopa madziwo ndi jakisoni kumatheka, koma nthawi zambiri kathumbako kamadzazanso. Opareshoni timaiganizira ngati kakupweteka, kakulepheretsa mwana kupinda dzanja, kapena kakupanikiza minyewa mpaka zala kuchita dzanzi, ndipo ngakhale pamenepo nthawi zina kamabwereranso.

Komabe ine ndikuyankha dzanjalo ndisanaligwire, choncho pitani naye kuchipatala cha boma mukapemphe kuonana ndi a za mafupa. Akakayika adzamujambula sikani, ndipo ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ndi Beit CURE ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Koma chotupacho chikayamba kukula msanga, kulimba gwa, kufiira ndi kutentha, kapena mwana akamatentha thupi, kuwonda, kudzuka usiku ndi ululu, pitani tsiku lomwelo, chifukwa matenda ena, kuphatikizapo TB ya m'mafupa, amatupitsanso mfundo.