Yankho kwa achemwali a ku South Bend amene afunsa za phungu wa state

Achemwali, ndemanga zambiri pamwambapa zasakaniza nkhani, ndiye ndati ndiyankhe mofatsa. Kwa amene sanawerenge funsoli: mayiwa angosamukira kuno ku South Bend, mu state ya Indiana ku America, ndipo apeza kapepala m'bokosi la makalata kochokera kwa phungu wa dera lawo ku Nyumba ya Malamulo ya state, kali ndi chithunzi chake ndi mawu oti aliyense wokhala ndi vuto ayimbe ku ofesi yake. Iwo ali ndi mavuto atatu. Pepala lawo lina lagona miyezi mu ofesi ina ya boma la state popanda yankho, ngongole ya magetsi yaunjikana, ndipo mapepala a imigireshoni a amuna awo aima. Akufunsa ngati munthuyu ali ngati MP wa kwathu, komanso ngati munthu amene si nzika angalimbe mtima n'kuyimba.

Imbani ndithu, musaope. Koma pa zitatuzo, chake ndi choyambacho basi. Zinazo zili ndi eni ake, ndipo ndikuuzani kopita.

Kwathu tinazolowera kuyang'ana m'thumba mwa phungu. Maliro akagwa, bokosi ndi galimoto n'zake. Mwana akabwezedwa chifukwa cha fizi, kukacha anthu ali kale pakhonde pake. Mlatho ukakokoloka timafunsa kuti ndalama za CDF zapita kuti. Kuno zimenezo iwalani. Phungu wa state alibe thumba la chitukuko loti agawe m'dera mwake, ndipo mukamupempha ndalama ya lendi adzakuyankhani mwaulemu n'kukupatsani nambala ya foni ya kwina. Si kuuma mtima, ntchito yake sinapangidwe choncho. Nyumba ya Malamulo ya kuno, General Assembly, imakumana ku Statehouse ku Indianapolis. Ili ndi aphungu 100 mu House, osankhidwa zaka 2 zilizonse, ndi masenata 50 okhala zaka 4. Kalembera wa 2020 anapeza anthu pafupifupi 6.8 miliyoni mu Indiana, ndiye kuti phungu wa House aliyense amaimira anthu cha m'ma 68,000, pamene senata amaimira kuwirikiza kawiri. Inuyo muli nawo onse awiri, ndipo mayina awo mumawapeza pongolemba adiresi yanu pa iga.in.gov. Musadalire zoti mnzanu wa tsidya la msewu ali ndi wakutiwakuti, chifukwa malire a madera amadutsa pakati pa mzinda.

Ndipo ntchitoyi si ya chaka chonse. Nthawi zambiri amayamba kukumana mu Januwale. Chaka cha bajeti, monga 2023 ndi 2025, amayenera kutseka pofika 29 Epulo, pamene zaka zinazo amatseka pofika 14 Malichi. Malipiro oyambira ali cha m'ma madola 30,000 pachaka, ma alawansi ali padera, n'chifukwa chake ambiri ali ndi ntchito zawo: maloya, alimi, aphunzitsi, ochita bizinesi. Senata David Niezgodski wa kuno ku South Bend, mwachitsanzo, ndi munthu wa bizinesi ya zamipope. Mutha kukumana naye pamzere mu sitolo, wopanda womunyamulira chikwama.

Nanga ali ndi chiyani choti n'kukuthandizani nacho? Ali ndi khomo lolowera ku maofesi a boma la state. Maofesi akuluakulu, monga BMV ya malayisensi a galimoto, FSSA yoyang'anira Medicaid ndi HIP (inshuwalansi ya chipatala ya anthu opeza zochepa) komanso SNAP (thandizo logulira chakudya), DWD ya ndalama za anthu omwe ntchito yawathera, ndi ofesi yopereka ziphaso za anamwino ndi ntchito zina, ali ndi munthu amene ntchito yake ndi kuyankha mafunso ochokera kwa aphungu. Amayankha msanga chifukwa bajeti yawo ndi malamulo awo zimadutsa m'manja mwa aphunguwo. Inu mukayimba pa nambala ya aliyense mumadikira pamzere ndi anthu masauzande, nyimbo ikulira m'khutu mpaka batire kutha. Funso lochokera ku ofesi ya phungu limagwera pa desiki ya munthu wodziwika dzina, ndipo iye amakatsegula failo yanu.

Amene mudzayankhule naye si phungu mwiniwake koma womuthandiza, amene amamutcha legislative assistant, ndipo amakhala ku Statehouse. Nthawi zambiri ndi wachinyamata, ndipo ena amathandiza aphungu angapo nthawi imodzi. Musamuderere kapena kuumirira kuti mukufuna abwana eni ake. Ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi iyeyu, ndipo mukamulemekeza adzakukumbukirani.

Ndinaziona ndi maso kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Inshuwalansi ya chipatala ya ana ake inadulidwa iye osadziwa chifukwa, nthawi ija kuyambira mu Epulo 2023 pamene boma linayambiranso kuunika onse olandira Medicaid mliri wa Covid utatha. Anayimba kangapo osamva chogwirika. Tinakhala pansi pa tebulo la kukhitchini kwake, makalata onse atamwazika, n'kulemba imelo ya mizere yochepa: dzina lake lonse monga lilili pa mapepala, adiresi, nambala ya nkhani yake, tsiku limene anatumiza fomu, masiku amene anayimba, ndi chinthu chimodzi chimene akupempha, choti wina aone pamene failo yaima. Mnyamata wa ku ofesi ya phungu anayimba kufunsa tsiku lobadwa ndi chilolezo choti afunse m'malo mwake. Pasanathe sabata zinadziwika kuti kalata yopempha umboni wa malipiro inapita ku nyumba yakale imene anasamukako. Anatumiza mapepala a malipirowo, ana n'kubwezeretsedwa. Phungu sanapereke ngakhale dola imodzi, ndipo sanapinde lamulo lililonse. Anangochititsa kuti munthu wamoyo ayang'ane pepalalo.

Lembani chimodzimodzi, achemwali. Mbiri ya momwe munavutikira kuchokera ku Chileka mpaka kufika kuno isungeni, lembani zimene munthu angagwiritse ntchito. Muyambe ndi adiresi, chifukwa chinthu choyamba chimene amaona n'chakuti kodi mumakhala m'dera lawo. Ndipo pali msampha umene wagwetsa ambiri: ngati kalata imene munalandira ili ndi tsiku lomaliza lochitira apilo, kuyimbira phungu sikuimitsa tsikulo. Chitani apiloyo pa nthawi yake, kwinaku ofesi ya phungu ikufunsa. Dziwaninso kuti ngati lamulo likunena kuti simukuyenera kulandira chinthu, iye sangasinthe yankho, ndipo nkhani ikakhala m'khoti salowererapo.

Za unzika tsopano, chifukwa ndaona wina walemba kuti osavota asayerekeze. Si zoona. Madera a aphungu amadulidwa potengera anthu onse amene kalembera wawerenga, ana ndi alendo omwe, osati ovota okha, ndipo Khoti Lalikulu la dziko lino linavomereza kawerengedwe kameneka mu 2016 pa mlandu wa Evenwel v. Abbott. Inu muli m'gulu la anthu 68,000 aja. Mumalipira msonkho pa malipiro anu ndi pa zogula. Sadzakufunsani khadi la chipani, ndipo simufunika kuvala nsalu ya wina aliyense. A Republican ndiwo ambiri, ali ndi mipando 70 mu House ndi 40 mu Senate, pamene aphungu a pakati pa South Bend ndi a Democrat, koma pa nkhani ya failo yoima maofesi amayankha onse. Zoti musamale nazo ndi zina. Ngati simuli nzika, musalembetse kuvota, ngakhale wina akupatseni fomu pa chikondwerero kapena pamene mukutenga layisensi, chifukwa chimenecho chingaononge mapepala anu onse a mtsogolo. Ngati mulibe green card, musapereke ndalama ku kampeni ya aliyense, ngakhale ya khansala, lamulo la federal, la dziko lonse, limaletsa. Ndipo mu imelo yanu musafotokoze za mapepala a imigireshoni a banja lanu ngati nkhaniyo siikufuna zimenezo.

Ngongole ya magetsi ija ipititseni kwina. Indiana ili ndi ofesi imene anthu athu ambiri saidziwa, ya township trustee. Dera lililonse lili mu township, ndipo gawo lalikulu la South Bend lili mu Portage Township. Trustee ndiye amene lamulo linamupatsa ntchito yothandiza anthu ovutika pa lendi, magetsi, gasi, chakudya ndi mankhwala, ndipo mukamaliza kulemba fomu amayenera kuyankha pasanathe maola 72, osawerengera Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Ndalamayo sapatsa inu m'manja, amalipira kampani kapena mwini nyumba. Adzafuna kuona ziphaso, pangano la nyumba ndi mapepala a malipiro, ndipo kuyenera kwanu kumadaliranso mtundu wa mapepala amene muli nawo. Ofesi yomweyi ndiyo imaika maliro a munthu amene wamwalira wopanda kalikonse, koma kuika konkuno. Kutumiza thupi kumudzi kukadali pa msonkhamsonkha wathu wa pa WhatsApp, ndiye amene mulibe inshuwalansi ya moyo ganizanipo. Palinso Energy Assistance Program, yothandiza kulipira magetsi ndi gasi, imene kuno imayendetsedwa ndi bungwe la REAL Services. Amene wavomerezedwa pa pologalamuyi sadulidwa magetsi kapena gasi kuyambira 1 Disembala mpaka 15 Malichi, ngakhale ngongoleyo siifufutika. Mukasokonezeka imbani 211, nambala yolozera anthu kumene angapeze thandizo. Popeza mapepala a amuna anu ali m'njira, funsani kaye loya wa imigireshoni musanalembetse thandizo lililonse la boma.

Mapepala a imigireshoniwo phungu wa state alibe nawo mphamvu ngakhale pang'ono, chifukwa USCIS, ofesi yoona za mapepalawa, ndi ya boma la federal. Kumeneko mumapita kwa a ku Congress, Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse. South Bend ili mu dera lachiwiri la Indiana, limene akuimira a Rudy Yakym chichokereni imfa ya mayi Jackie Walorski pa ngozi ya galimoto mu 2022, ndipo masenata a ku Washington ndi a Todd Young ndi a Jim Banks. Maofesi awo ali ndi anthu ofunsa za mafailo oima, koma amuna anu eni ake ayenera kusaina fomu yachilolezo, monga likufunira lamulo la Privacy Act la 1974. Nawonso amangofunsa pamene nkhani yafika, salamula kuti ivomerezedwe. Pa uphungu wa zamalamulo yesani La Casa de Amistad, Catholic Charities kapena Indiana Legal Services. Maenje a mumsewu wa kwanu ndi zinyalala zosatengedwa, zimenezo ndi za mzinda, imbani 311.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti anthu athu timawafuna aphunguwa zinthu zikavuta basi, pamene iwo amatiitana chaka chonse ife osapita. Kapepala kamene mwalandirako ndi kamodzi mwa tambiri. Nyumba isanatsegulidwe amatumiza mafunso ofuna maganizo a anthu pa nkhani za sukulu, misonkho ndi zaumoyo, ndipo ife timataya pamodzi ndi mapepala otsatsa pizza. Nyumba ikamakumana, m'mizinda yambiri ya Indiana mumachitika misonkhano yotchedwa Third House, yokonzedwa ndi mabungwe a amalonda kapena League of Women Voters, kumene aphungu amakhala kutsogolo anthu n'kumawafunsa maso ndi maso. Khomo n'lotsegula, salipiritsa kanthu nthawi zambiri. Ndinakakhalako m'mawa wina wozizira, m'chipinda modzaza agogo achizungu ndi makapu a khofi, aliyense ali ndi kapepala ka funso m'manja. Mmodzi anafunsa za malipiro a anthu osamalira okalamba m'nyumba. Ndinayang'ana uku ndi uku. Ntchito imeneyi ndi imene ambiri a ife timagwira usiku ndi usana, koma wa kwathu munalibe wina. Ndalama zimene Medicaid imalipira pa chisamaliro chimenecho, ndi malamulo a ziphaso za ma CNA (othandiza anamwino) ndi anamwino, zimagamulidwa ku Indianapolis, osati ku Washington. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, abale.

Ndipo zonena za anthu wamba zimafika. Mu 2023 bilu ya mayi Maureen Bauer, phungu wa kuno, yoti ozimitsa moto aziyezedwa magazi pofuna kuona mankhwala oopsa otchedwa PFAS, inakhala lamulo ngakhale mayiwo ali m'chipani chochepa, chifukwa ozimitsa motowo anaiyendera nkhani yawo. Chaka chomwecho a Niezgodski ndi senata Blake Doriot wa ku Goshen, wa Republican, anabweretsa bilu yopatsa makhadi oyendetsera galimoto kwa anthu opanda mapepala. Inadutsa komiti imodzi n'kufera panjira. Sikuti zonse zimatheka, koma onani kuti anthu a zipani ziwiri anaigwirira limodzi chifukwa anthu a m'madera mwawo, olemba ntchito ndi a mipingo omwe, sanasiye kuwauza. Komiti ikamamva maganizo pa bilu, aliyense akhoza kulembetsa kuti ayankhule. Ndi ulendo wa maola awiri ndi theka pa US 31, ndipo amene sangapite akhoza kuonera pa intaneti. Ngati muli ndi ganizo loti likhale bilu, lipititseni m'chilimwe kapena mu Seputembala, chifukwa pofika Januwale mabilu amakhala atalembedwa kale.

Amene muli ndi ana okulirapo, funsani za pologalamu ya page. Mwana amakakhala tsiku lathunthu ku Statehouse, amaona Nyumba ikukambirana, amakumana ndi phungu wake, ndipo kusukulu salembedwa kuti wajomba. Malo amatha msanga, lembetsani kumayambiriro kwa Januwale. A komiti yokonza chikondwerero cha 6 Julaye, chaka chino mutumizeko kalata yoitana phungu ndi senata wa dera limene kuli holoyo. M'chilimwe Nyumba imakhala yotseka, ndipo kukakhala nsima ndi anthu ambiri kawirikawiri sakana.

Inu achemwali, usiku uno pezani nambala ya nkhani yanu pa kalata yomaliza imene munalandira, muijambule ndi foni, mulembe imelo ija. Tumizani kwa mmodzi kaye, wa House kapena senata, kuti asafunse kawiri nkhani imodzi. Sabata ikatha kuli zii, imbani n'kutchula tsiku limene munatumiza. Ngati Chingerezi cholemba chikukuvutani, ndilembereni ku inbox tiikonze limodzi ndikaweruka.