Musafufute ibdata1, achimwene

Achimwene, mwati magetsi anathima kompyuta ya pashopu ikugwira ntchito, ndiye pano MySQL (pulogalamu yosunga database) ya mu XAMPP (phukusi la mapulogalamu a seva) ikangoyaka ikuzimanso yokha, ndipo ena akulangizani kuti mufufute fayilo ya ibdata1. Chonde musayerekeze. M'fayilo imeneyo ndi momwe InnoDB, injini yosunga matebulo mu MySQL, imasunga kaundula wa matebulo ake onse. Mukaichotsa, MySQL iyakadi, koma mu phpMyAdmin, tsamba loonera database, mudzangoona maina a matebulo, mukadina n'kukuuzani kuti tebulolo kulibe. Kubweza zinthu zikafika pamenepo ndi ntchito yowawa.

Yambani mwatseka XAMPP, mukope foda yonse ya C:\xampp\mysql\data muiike pa flash. Musakhudze kalikonse musanachite zimenezi.

Kenako tsegulani mysql_error.log, logi yomwe MySQL imalembamo zovuta zake, mufoda yomweyo, muwerenge mizere yakumapeto. Nthawi zina database imakhala ilibe vuto, kungoti pulogalamu ina yalanda port 3306, khomo lomwe MySQL imalumikizirana ndi mapulogalamu ena. Mukaona dzina loti Aria, pumani: XAMPP imabwera ndi MariaDB, mtundu wina wa MySQL, matebulo ake a mkati ndi a injini ya Aria, ndipo lamulo la aria_chk -r limawakonza seva ili chozima. Matebulo a injini ina ya MyISAM nawo amachira ndi lamulo la REPAIR TABLE. Koma InnoDB siimva za REPAIR TABLE, musavutike nayo.

Ngati logiyo ikudandaula za InnoDB, tsegulani my.ini, fayilo ya masetingi yomwe ili mu mysql\bin, pansi pa [mysqld] mulembe innodb_force_recovery=1, muyatse. Ikakana, yesani 2, kenako 3. Manambalawa amafika 6, koma kuyambira 4 akhoza kuonongeratu mafayilo osabwereranso, ndiye ine ndimati pa 3 imani, muitane wodziwa akhale nanu pafupi.

Ikayaka musasangalale n'kuyamba kugulitsa. Sikuti yachira ayi, yangodzuka kuti mutulutsemo katundu wanu. Nthawi yomweyo tulutsani database yanu ndi pulogalamu yokopera ya mysqldump ikhale fayilo ya .sql. Tebulo lina likamagwetsa seva pakati pa ntchitoyi, lidumpheni ndi --ignore-table, mupulumutse enawo, ilo mulimbane nalo pamapeto. Kawirikawiri lovuta limakhala lomwe linkalembedwa pomwe magetsi amathima, monga la malonda a tsikulo.

Fayilo ya .sql ikakhala m'manja, zimitsani seva, chotsani mzere uja mu my.ini, foda ya data yakaleyo muisinthe dzina. Pangani ina yatsopano ya data, mukoperemo zomwe zili mu mysql\backup, muyatse, mupange database ya dzina lomwe lija n'kulowetsamo .sql yanu. Ma user ndi ma password mudzawaikanso, chifukwa foda yatsopanoyo sikuwadziwa. Malonda a tsiku lomalizalo muwafananitse ndi malisiti.

Zikatheka gulani UPS, batire yosunga kompyuta ili choyaka magetsi akathima, ngakhale kakang'ono kongokupatsani mphindi zotsekera kompyuta bwinobwino, ndipo Task Scheduler ya mu Windows iziyendetsa mysqldump madzulo aliwonse, fayiloyo izipita pa flash kapena Google Drive. Pakadali pano tumizani kuno mizere yomaliza ya logi ija, tione ngati ndi Aria kapena InnoDB.