Amayi a ku Chawama, kadzidziyo musamuphe

Kalata imene yandisowetsa tulo sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Chawama. Akuti kadzidzi wayamba kulira mu mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo, apongozi awo akuti ndi malodza, ndiye akufunsa ngati angamuphe atathira mankhwala a makoswe pa kanyama. Kumapeto anawonjezera kuti makoswe nawonso awasautsa m'khitchini.

Amayi, mawu omalizawo ndi amene andilasa mtima, chifukwa zimene mukufuna kuchitazo ndinaziona ndi maso angawa.

Ine ndinakulira ku Katete. Kadzidzi akalira padenga, agogo ankasolola chikuni cha moto n'kumuponyera, ife ana tili phee m'bulangete. Mantha amenewo ndinabwera nawo ku Lusaka. Pamene tinkachita lendi ku Chilenje, m'denga la kanyumba kosungiramo katundu munkakhala akadzidzi awiri, aja a nkhope yoyera, amene salira kuti huu-huu koma amakuwa ngati wina akung'amba nsalu. Usiku sindinkayerekeza kudutsa pamenepo.

M'mawa posesa ndinkapeza timibulu takuda pansi pa denga lija, taukulu ngati chala chamanthu. Tsiku lina mwana wanga wamkazi anaphwanya kamodzi ndi kamtengo. M'kati munali ubweya wokhawokha, timafupa tonga singano, ndi kachibade ka khoswe wamng'ono, mano ake achikasu akadali pomwepo. Kadzidzi amameza nyama yathunthu, ndipo zimene m'mimba mwake simungagaye amazilavula. Tinaphwanya tina tisanu. Monsemo munali makoswe ndi mbewa. Ndinaima ndi tsache m'manja kwa nthawi yaitali, chifukwa zaka zonsezo sindinadzifunsepo kuti n'chifukwa chiyani ufa wathu sunkadyedwa pomwe anzathu a nyumba yachitatu ankadandaula tsiku ndi tsiku.

Kenako eni nyumba, pofuna kuthandiza, anamwaza mankhwala a makoswe m'mbali mwa mpanda wonse. Mankhwala ambiri otere sapha nthawi yomweyo. Amaletsa magazi kuundana, ndiye khoswe amatha masiku angapo akukha magazi m'kati, akuyenda mozandima, osathanso kuthawa. Kwa kadzidzi ameneyo ndi nyama yosavuta. Akadya mmodzi, awiri, atatu, poizoni uja amaunjikana m'chiwindi mwake. Patapita masabata ochepa ndinapeza kadzidzi mmodzi pafupi ndi mpopi, mapiko ali tambasu, magazi ali kukamwa. Ndinamunyamula ndi fosholo, ndipo ndinadabwa kupepuka kwake. Mnzake sitinamumvenso.

Mvula itangoyamba makoswe anabwera ngati aitanidwa. Anaboola thumba la ufa la makilogalamu 25, anadya sopo, anatafuna waya wa firiji. Ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Khoswe wamkazi amakhala ndi bere masabata atatu okha, amaswa ana ambiri nthawi imodzi, ndipo anawo akakwana miyezi itatu nawonso ayamba kuswa. Kadzidzi amaikira mazira kamodzi kapena kawiri pachaka. Mukathira poizoni mumapha onse awiri, koma khoswe amabwereranso msanga, pamene womudyayo angathe chaka osaonekanso.

Mwana wanga uja atafika Giredi 8 anabwera ndi dzina lake la zimenezi: ecology, phunziro la mmene zamoyo zimadalirana komanso mmene zimadalira nthaka, madzi ndi nyengo ya malo awo. M'kope mwake anajambula udzu, chiwala, chule ndi njoka, mivi ikulozerana. Ndinamuuza kuti ajambulenso za pakhomo pathu: zinyalala ndi ufa, khoswe, kadzidzi. Zodyedwa zimakhala zambiri, zodya zinzake zimakhala zochepa, ndipo zochepazo n'zimene zimaletsa zambirizo kusefukira.

Ndinene mosabisa. Timapepala ta mankhwala topanda dzina timene timagulitsidwa m'misika ndi m'mbali mwa misewu sitiyenera kulowa m'nyumba ya munthu. Mankhwalawa amapha amphaka, agalu ndi nkhuku, ndipo mwana wokwawa sasiyanitsa mbulu wa poizoni ndi switi. Kale ndinkati aliyense achite zimene akuona. Lero ndikuti ayi, chifukwa poizoni wa pakhomo panu sathera pakhomo panu.

Tisaiwale pamene tamangapo mzinda uno. Mbali yaikulu ya Lusaka ili pamwamba pa miyala ya laimu yodzaza ming'alu ndi mapanga, ndipo m'makomboni ngati Kanyama madzi apansi ali pafupi kwambiri. Chimene chathiridwa pansi, kaya ndi za m'chimbudzi chokumba, kaya mafuta a galimoto, kaya mankhwala, chimatsika msanga kukapeza madzi amene wina akutunga pachitsime. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2017 ku Chipata komboni ndi ku Kanyama inadwalitsa anthu oposa 5,000, ndipo mu Januwale 2024 tinaona bwalo la mpira la Heroes Stadium litasanduka chipatala cha odwala kolera. Anthu amaganiza kuti zachilengedwe ndi nkhani ya njovu za ku Luangwa. Ine ndikuti ndi nkhani ya chitsime cha ku Kanyama, ya ngalande yotsekeka ndi mapulasitiki imene udzudzu ukuswanamo, ndi ya mtengo wanu wa mango.

Za apongozi anu, musawanyoze. Agogo anga sanali opusa. Anaonadi kuti kadzidzi amamveka pamene pali matenda, koma taganizani: ndani amakhala maso pakati pa usiku, ngati si munthu amene akudwazika? Mbalameyo inkalira masiku onse, ife tili m'tulo. Ngakhale nthano zathu zomwe zimanena kuti nyanga zimene kadzidzi ankaopsezera mbalame zinzake zinali nthenga chabe.

Tsono muchite chiyani?

Ndisanayankhe, ndikumbukenso mileme, chifukwa nayonso timaida popanda mlandu. Chaka chilichonse, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, mileme yodya zipatso mamiliyoni ambiri imasonkhana m'kankhalango kakang'ono ku Kasanka, kufupi ndi Serenje. Usiku imabalalika kukadya masuku ndi zipatso zina zakutchire, n'kumataya njere kutali ndi kumene yazidya. Mitengo yambiri imene timathyolako zipatso sinabzalidwe ndi munthu. Timileme tating'ono timene mumationa madzulo tikuzungulira getsi la panja timadya tizilombo touluka. Achule a m'dimba la repu amachitanso chimodzimodzi, ndipo ine ndinasiya kuwathamangitsa.

Kadzidzi wanuyo wabwera chifukwa pali makoswe, ndipo makoswewo abwera chifukwa pali chakudya. Ufa ndi mpunga muike m'ndowa zotsekeka bwino, zotsala za nsima zisagone panja, mabowo a m'khoma muwamate ndi simenti, ndipo mutchere misampha yodumpha m'mbali mwa khoma, nyambo yake ikhale chiponde. Ngati kulirako kukuvutitsa apongozi, sadzirani nthambi zoyandikira zenera lawo. Mawa m'mawa mukayang'ane pansi pa mtengowo, ndipo mukapeza kambulu kakuda mukaphwanye ndi kamtengo apongozi anu akuona.