Agogo anandiimbira foni kawiri, ine osayankha

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 29, ndili pabanja ndipo ndili ndi mwana mmodzi. Agogo anga aamuna, amene anandilera kuyambira ndili ndi zaka zinayi bambo anga atamwalira, anatisiya miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Usiku woti mawa lake amwalira anandiimbira foni kawiri. Ndinali nditatopa, ndiye ndinati ndiwaimbira kukacha. Kutacha, foni imene inalira inali ya uthenga wa maliro.

Mpaka lero nambala yawo sindinaifufute. Ndikagona ndimangodzifunsa kuti ankafuna kundiuza chiyani. Amuna anga poyamba ankanditonthoza, koma pano akuti agogo anali atakalamba kale, zaka 86 si zochepa, ndisiye kulira ngati wafedwa mwana. Mawu amenewa anandilasa mumtima. Kodi wolakwa ndine?

Ine wosweka mtima

Mwana wanga,

Pepa kwambiri. Lira ndithu, sunalakwe kanthu. Ena akuona kuti kwamwalira nkhalamba, koma iwe wataya munthu amene anakutola uli kamwana kamasiye n'kukulera mpaka kukhala mayi. Ameneyo ndi bambo ako, ngakhale unkawatchula kuti agogo.

Chimene chakutsamwa ndi foni ija. Ukudziimba mlandu ndi zimene ukudziwa lero, chikhalirecho usiku uja sunkadziwa kalikonse. Unali mayi wotopa amene ankayembekeza kuti kucha monga kumachera masiku onse. Komanso taganiza, munthu amaimbira ndani kawiri usiku? Amaimbira amene ali pamtima pake. Zimene ankafuna kunena sudzazidziwa, ndipo sindikunamiza, pamenepo papitiriza kuwawa. Koma usalole kuti usiku umodzi ukwirire zaka 25 zimene munakondana.

Mwina unamvapo zoti chisoni chili ndi magawo asanu, kuyambira kukana mpaka kuvomereza. Dokotala Elisabeth Kübler-Ross ndi amene anafotokoza zimenezi mu 1969, koma iye ankanena za odwala oyandikira imfa, osati ofedwa. Chisoni cha wotsala sichiyenda pamzere. Lero chimaphwa, mawa ukumva munthu akutsokomola ngati iwo, misozi mbwee. Ndiye usadziwerengere miyezi.

Amuna akowo alankhula mopweteka, ndipo sindikuwaikira kumbuyo. Ndaona nthawi zambiri kuti mwamuna akasowa chochita ndi misozi ya mkazi wake amathamangira mawu otsekera nkhani. Upeze nthawi imene nonse mitima ili pansi, osati pamene ukulira, uwauze mosabisa kuti mawu aja anakupweteka. Uwauzenso chimene ukufuna, poti mwina sakuchidziwa: "Bambo a mwana, sindikuti mundichotsere chisonichi, ndikungofuna muzikhala nane pafupi ndikamalira."

Chimodzi chokha ndikuchenjeze. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limawerengera chisoni chokhalitsa m'gulu la mavuto a thanzi ngati chapitirira miyezi isanu ndi umodzi chikadali chowawa kwambiri, mpaka kumulepheretsa munthu kugwira ntchito kapena kusamala pakhomo. Kulira pakokha si matenda. Koma ngati tulo sukupeza, chakudya sichikulowa, mwana sukumulabadira, kapena ukumaganiza zowatsatira agogowo, usachedwe, kaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo.

Nambala ija isiye, udzaifufuta wekha mtima ukadzalola. Tenga kope, ulembe zonse zimene ukanawauza ukanayankha foni ija, ngakhale kupepesa ngati mtima ukufuna kutero. Kenako ulembe mawu amene ankakonda kunena, nthabwala zawo, mmene ankakuitanira. Zimenezi zimaiwalika msanga kuposa mmene timaganizira. Madzulo ena umukhazike mwana wako pamwendo, umuonetse chithunzi chawo, umuuze dzina lawo lonse ndi mmene anakulerera.

Ine Azakhali ako